Ine Ndimabweza Ngongole Motsatira Phokoso

Pali anthu m'dziko muno amene sitinaonanepo maso ndi maso, sitinagawanepo ngakhale chimanga chootcha, koma amandidziwa kuposa apongozi anga. Apongozi amangondiganizira, pamene awa ali ndi umboni. Amadziwa banki imene ndinakongolako, ndalama zake, tsiku limene ndinalonjeza kubweza, ndi tsiku lina lija limene ndinabwezadi. Tsoka lake, masiku awiriwa sapezeka m'mwezi umodzi.

Anthu ake ndi a mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Lamulo lawo linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2010, chilolezo amakatenga ku Reserve Bank, ndipo mayina amene mungamve ndi Credit Data CRB ndi TransUnion. Ntchito yawo ndi miseche yololedwa ndi boma. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko nkhani za makasitomala awo, ndiye iwe ukatulukira ku banki ina uli wofatsa, manja kumbuyo, iwo amayamba afunsa kaye kumeneko kuti, kodi awa mukuwadziwa? Kale zinali zosavuta. Munthu unkatha kukhala ndi dzina la ubatizo ku banki iyi, dzina la agogo ku banki iyo, kalata ya amfumu ikuchitira umboni onse awiri. Koma mu 2017 kunabwera chitupa cha unzika. Anthu oposa 9 miliyoni tinakafola padzuwa kukajambulitsa, tikukankhana, osadziwa kuti tikudzimangirira tokha ku nambala imodzi mpaka kumanda. Ine tsiku limenelo ndinachita kuvalira taye.

Zonsezi sindikanazilabadira ndikanapanda kulakalaka njinga yamoto. Maganizo ake anali abwino ndithu: ndigule njinga, ndipeze mnyamata azichita kabaza, madzulo azibweretsa kangachepe, ine ndizingowerenga. Ndinatulutsa suti ya pa ukwati, ndinaipukuta ndi kansalu konyowa, ulendo wa ku banki ina m'tauni. Pa desiki ya ngongole panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anatenga chitupa, anagogoda pa kompyuta, kenaka anapendeketsa mutu monga achitira adokotala akaona chithunzi cha m'chifuwa cha munthu wosuta chingambwe.

"Bambo, munakhalapo ndi ngongole kwina?"

"Zakale zimenezo, mwanangu. Tinathana."

"Munathanadi, koma mochedwa. Osati kamodzi."

Ndinafotokoza kuti mwezi umenewo kumudzi kunagwa zovuta. Anati pepani. Ndinati mwezi winawo malipiro anachedwa kulowa. Anati pepani kwambiri. Ndinali ndikukonzeka kunena za mwezi wachitatu, umene unali ndi nkhani yogwira mtima kuposa yonse, pamene anatembenuza kompyuta ija pang'ono kuti ndidzionere ndekha. Munali madeti ndi manambala okhaokha. Malo olembamo maliro munalibe.

Usiku ndinaimbira mlamu wanga amene amasamalira okalamba ku Britain, poti iyeyo amayang'ana malikisi ake a ngongole pa foni asanasukusule n'komwe. Ndi amene ananditsegula m'maso kuti mbiri yonse ija makina amaifinya n'kutsala nambala imodzi. Otchuka pa ntchitoyi ndi a FICO a ku America, kampani imene inayambidwa mu 1956 ndi injiniya Bill Fair ndi katswiri wa masamu Earl Isaac, ndipo malikisi awo odziwikawa anatuluka mu 1989. Amayambira pa 300 kulekeza 850. Ndinasangalala kumva kuti ngakhale munthu wolephereratu amapatsidwa 300 yaulere, zimene aphunzitsi anga a masamu sanaziganizirepo. Bungwe lililonse, dziko lililonse, lili ndi kawerengedwe kake, koma a FICO anaulula poyera kuti chinthu chilichonse chimalemera bwanji, ndipo mfundo zake sizisiyana kwenikweni ndi zimene wobwereketsa aliyense amayang'ana.

"Alamu," anatero, "35 pa 100 alionse a malikisiwo amachokera pa funso limodzi basi: mumabweza pa nthawi yake?"

Apa ndiye ndinakhala tsonga, chifukwa ine ndine munthu wobweza ngongole. Palibe amene anganene kuti ndinamudyera. Kungoti ndili ndi ndondomeko yanga, imene ndinaipeza patapita zaka zambiri za kafukufuku: ndimabweza motsatira phokoso. Wokuwa kwambiri amalandira poyamba.

Woyamba ndi wa katapila. Ameneyu sachita kudikira kuti ndimupatse. Khadi langa la ATM limagona kwa iye, nambala yachinsinsi amaikumbukira bwino kuposa ine, ndipo tsiku la malipiro amafika pa makina ine ndisanapinde bulangete. Ukatenga K50,000 umabweza K75,000, popanda msonkhano. Kwa bamboyu sindinachedwepo ngakhale ola limodzi. Akanakhala kuti amatumiza malipoti kwinakwake, bwenzi pano ndikutchedwa bambo 850.

Achiwiri ndi amayi a banki m'khonde, kumene ndimakongola kudzera mwa akunyumba. Awa alibe kompyuta, ali ndi zitenje zofanana ndi mawu okwera. Ukadumphitsa tsiku, poyamba ndi chindapusa. Ukadumphitsanso amabwera gulu lonse, kukhala pakhonde pako miyendo atatambasula, kupereka moni kwa aliyense wodutsa ndi kumufotokozera bwinobwino chimene abwerera. Samenya munthu, satukwana. Dzuwa likapendeka amangopempha kuti awone nawo kuchipinda. Anthu a mzere wathu wa nyumba anaonapo matiresi ikuyenda pamutu kulowera kwa amayi tcheya, ndipo sindinena kuti inali ya ndani. Ndingonena kuti mphasa ndi yabwino ku msana, madokotala ena amatero.

Wachitatu ndi bambo wa pa golosale, mwini kope lija lakuda ndi mafuta. Iyeyu sakuwa, koma ali ndi chida chake: amafunsa ana. Mwana ukamutuma mchere amabwera chimanjamanja ndi uthenga wakuti, akuti adadi adutseko. Uthenga wotere ukafika alendo ali m'nyumba, ndalama imapezeka yokha.

Womaliza pa mndandanda anali banki. Ndipo musandiweruze. Banki imatumiza uthenga wa pa foni woyamba ndi mawu akuti okondedwa kasitomala. Munthu wonditcha wokondedwa ndingamuope bwanji? Sabwera pakhomo, sadziwa mtundu wa matiresi yanga, safunsa ana. Ndinkati awa ndi anthu ophunzira, amamvetsa. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti mwa anthu anayi onsewa, wosakuwayo ndiye yekha amalemba? Ngongole zonse zimene ndinabweza mothamanga, thukuta lili kamukamu, zilibe mboni. Imene ndinaibweza modekha, mwaulemu, mwa nthawi yanga, ndiyo inasindikizidwa.

Mlamu anapitiriza kundithira tsabola. Akuti ku America ukachedwa masiku 30 wobwereketsa akhoza kukakunenera, ukafika 60 bala limakula, pa 90 ndiye zafika poipa. Chipseracho chimakhala pa mbiri yako zaka 7, ku Britain zaka 6. Makolo athu anati mlandu suwola, azungu anangowonjezerapo chiwerengero cha zaka. Chotonthoza n'chakuti kuchedwa kwakale kumapepuka pamene zaka zikupita, koopsa ndi kwa posachedwa. Ndinafunsa ngati mwezi watha tingautche kale. Anati ayi.

Gawo lachiwiri, 30 pa 100, ndi limene linandisokoneza mutu. Akuti amayang'ana kuchuluka kwa zimene uli nazo pakhosi, makamaka poyerekeza ndi malire amene anakupatsa. Kunjako anthu amayenda ndi makhadi a ngongole. Banki ikakuuza kuti ukhoza kutapa mpaka mapaundi 1,000, wanzeru amatapa osapitirira 300, n'kubweza, ndipo wotapa zochepa kuposa pamenepo ndiye amakondedwa kwambiri. Ukatapa 950, ngakhale uzibweza mokhulupirika, makina amaona munthu amene madzi afika m'khosi.

Taganizani, abale. Kuti akukhulupirire, akuyenera kukupatsa ndalama, iwe n'kuzisiya. Ine chibadwire sindinasiyepo ngongole ili pambale. Foni yanga ikandiuza kuti ndikhoza kutapa mayunitsi a K500, ndimatapa a K500, chifukwa kukana chimene wapatsidwa ndi mwano. Layini ya Airtel ili ndi Kutapa, ya TNM ili ndi Pasavute, ndipo ine pofuna kupewa tsankho ndimagwiritsa ntchito zonse ziwiri. Komanso ndalama ya kuno si yosiya kuti igone. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti anthu tili m'tulo. Amene anasunga anadzuka atasauka, amene tinadya tinadzuka titakhuta. Ndinamuuza mlamu mfundo imeneyi ndi mawu a munthu wodziwa zachuma. Anati mfundoyo ndi yakupsa, koma makina samva Chichewa.

Ndiye ndinaganiza zomugwira pakamwa. Ndinamukumbutsa za malume athu a kumudzi, munthu amene sanakongolepo ngakhale singano. Fodya akagulitsa, ndalama amakulunga m'pepala la shuga n'kuika pamalo pamene ngakhale azakhali sapadziwa. Nyumba ya malata anamanga ndi ndalama zake, ngolo anagula ndi ndalama zake. Ndinati ameneyo ndiye wa 850 weniweni.

Mlamu anaseka mpaka kutsokomola. Akuti malume alibe malikisi n'komwe. Kwa makina aja, munthu wosakongola si woyera mtima, ndi mlendo. Palibe chimene angamuyezere. Iye mwini zinamuonekera atangofika ku Britain: kwawo kuno analibe ngongole ndi munthu, ntchito anali nayo, malipiro akulowa, koma atafuna foni yolipira pamwezi anamukaniza. Mbiri ya ngongole siikwera ndege, imatsala pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport. Anachita kuyamba pansi, kutenga kakhadi ka malire ochepa, kugulira mkaka ndi buledi, kubweza mwezi ndi mwezi. Analembetsanso m'kaundula wa ovota, poti kumeneko mabungwe a ngongole amagwiritsa ntchito kaundulayo potsimikiza kuti munthu amakhaladi pamene akunena, ndipo Mmalawi wokhala movomerezeka amaloledwa kulembetsa chifukwa tili mu Commonwealth. Munthu amene kuno sanapondepo pamalo oponyera voti, lero ndi mzika yachitsanzo chifukwa cha foni.

Nkhani yakuti mbiri siwoloka malire inandipatsa maganizo ena, koma nditafunsa mtengo wa tikiti ndinawasiya.

Gawo lachitatu la malikisi aja, 15 pa 100, ndi la kutalika kwa mbiri. Akaunti yakale imene wakhala ukuisamala ndi chuma, ndipo mlamu akuti khadi lake loyamba lija salitseka ngakhale saligwiritsanso ntchito kwenikweni. Ine maakaunti akale ndili nawo m'mabanki angapo. Sindinatsekepo ngakhale imodzi. Onse anafa okha ndi njala.

Zotsalazo ndi ziwiri za 10 pa 100 chilichonse, ndipo pa chimodzi ndinalakwiridwa poyera. Choyamba ndi ngongole zatsopano. Nthawi iliyonse ukapempha ngongole, wobwereketsa akakafunsa za iwe, funsolo limasiya phazi pa mbiri yako. Ku America phazilo limaoneka zaka 2, ngakhale kuti malikisi limawakhudza chaka chimodzi. Mapazi akachuluka pa nthawi yochepa, makina amati munthu uyu akuthamangathamanga, kwinakwake kwapsa. Tsono ine, atandibweza ku banki yoyamba ija, suti inali kale m'thupi, nsapato zopolishidwa, ndiye ndinati ndisawononge polishi. Ndinayenda mseu wonse, khomo ndi khomo, mpaka kwa aja obwereketsa a m'chipinda cham'mwamba amene amadula pa malipiro. Imeneyi ndi njira imene imandithandiza pa 20 mwezi uliwonse: uthenga umodzi wakuti "ndithandizeko pang'ono, ndibweza Lachisanu", kutumiza kwa anthu onse a m'foni, kupatula abusa. Mwa anthu makumi awiri, mmodzi amagwa. Kusiyana kwake n'kwakuti anzanga sauzana. Kapena amauzana, poti masiku ano ambiri mafoni awo akumavuta netiweki pa 20 pomwepo.

Chinacho ndi kusakaniza mitundu ya ngongole. Akuti munthu amene wasenzapo ngongole zosiyanasiyana, ya khadi, ya galimoto, ya nyumba, n'kuzikwanitsa zonse, amaoneka wokhwima. Apa ndinaimirira. Ndani m'boma lino amene wasakaniza ngongole kuposa ine? Ya katapila, ya banki m'khonde, ya pa golosale, ya telala amene anasoka yunifolomu ya ana, ya mayi wa makala, ya pamalo pena pamene timakaonera mpira Loweruka, ndi lonjezo la matumba awiri a simenti limene ndinapereka ku tchalitchi pa tsiku la pepala Sande nditatengeka ndi kwaya. Mlamu anamvetsera mndandanda wonse, kenaka anati palibe ngakhale imodzi imene imawerengedwa. Luso lonseli likungowonongeka.

Chimene chinandipweteka koposa ndi cha suti. Malikisi a FICO sayang'ana malipiro ako, mtundu wako, mpingo wako, zaka zako, kaya uli pabanja kaya ayi. Wobwereketsa akhoza kufunsa payekha za malipiro, koma nambala ija ilibe nazo ntchito. Mlonda wolandira zochepa amene amabweza pa deti akhoza kuposa bwana wa Prado amene amaiwala. Ndiye kuti taye ija, polishi uja, ndi Chingerezi chimene ndinayankhula pa khomo la banki mpaka mlonda kundichitira sawasha, zonse zinapita m'madzi.

Pali kanthu kenanso kamene mtsikana wa ku banki uja anandifunsa ndisanatuluke: ngati ndinasainirapo munthu. Ndinasainirapo, inde. Mnzanga wa kuntchito ankafuna mboni pa ngongole yake, ndipo anandigulira chipisi ndi Fanta. Ndinkayesa kuti mboni ntchito yake ndi kuona, monga pa ukwati. Ndinaonadi: ndinamuona akulandira ndalama, ndinamuona akugula chikwama chachikulu, ndipo pano ndimamuona pa Facebook ali ku Johannesburg atavala jekete lachikopa. Amene wasainira mnzake wavomera kuti mnzakeyo akathawa, ngongoleyo ndi yake. Pa zithunzi zake zonse ndimaika chala chosonyeza kukondwa, kuti adziwe kuti ndikumuona.

Mlamu anandipatsa chiyembekezo chimodzi. Akuti mabungwe aja nawo amalakwitsa: ngongole ya munthu wina kuikidwa pa dzina lako, kapena imene unamaliza kalekale kumaonekabe ngati ilipo. Munthu uli ndi ufulu woona mbiri yako ndi kutsutsa zolakwika, ndipo kudziyang'ana wekha sikutsitsa malikisi. Ku South Africa lamulo la ngongole la 2005 limapatsa munthu lipoti laulere kamodzi pa chaka. Ndinalimba mtima. Dzina langa ndi lofala, m'kalasi mwathu tinalipo atatu, ndiye ndinali wotsimikiza kuti machimo enawo ndi a anzanga aja. Ndinaitanitsa lipoti langa, ndinakhala pansi ndi cholembera chofiira, akunyumba ali pambali.

Sindinaonepo chikalata cholondola chotero. Deti lililonse linali loona. Pena ndinkati apa ndiye anama, akunyumba n'kunena kuti, "Ayi abambo, umenewo ndi mwezi uja munagula sipika." Ndikati nanga apa, iwo, "Umenewo ndi wa mpira wa Bullets ndi Wanderers, munapita ndi anzanu aja n'kubwera Lolemba." Zinapezeka kuti m'nyumba mwanga momwe muli bungwe lachitatu losunga mbiri ya ngongole, lopanda chilolezo cha Reserve Bank, ndipo ili silifufuta pakatha zaka 7.

Wina afunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani. Kunjako malikisi abwino amatsitsa chiwongoladzanja, amathandiza kupeza nyumba ya lendi, ndipo anthu awiri ogula galimoto yofanana akhoza kulipira mosiyana kwambiri chifukwa cha nambala yomweyo. Kuno, kumene mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, mabanki n'kuwonjezerapo zawo pamwamba, mphoto ya munthu wa mbiri yabwino ndi kuloledwa kulowa m'ngongole yodula. Ife a mbiri yothimbirira timatetezedwa ku zimenezo. Ndinayesa kuwafotokozera akunyumba kuti pamenepa ndiye kuti ndapulumutsa banja. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Panopa zinthu zasintha pakhomo pano, osati mwa kufuna kwanga. Akunyumba anapita okha kwa wa katapila, anamulipira ndi ndalama za gulu, n'kulanda khadi la ATM. Ndinayamba kuthokoza, ndikutambasula dzanja, koma khadilo linangodutsa n'kukalowa pa mfundo ya chitenje. Anakauza a banki kuti ngongole yotsala azidula okha tsiku la malipiro, ndisanaione. Akuti tikatero miyezi yokwanira osadumphitsa, mbiri idzayamba kuyera yokha, poti mankhwala ena palibe. Ndalama ya minibasi ndimapatsidwa m'mawa uliwonse, yowerengeka. Ndikafuna yoonjezera ndimakongola kwa iwo omwewo pa 20 peresenti, malamulo a gulu, ndipo chikole ndi sipika ija.

Komabe nkhani ya ngongole zanga zabwino zopanda mboni inkandidyabe mumtima. Ndiye ndinapita kwa bambo wa pa golosale kukapempha kalata yoti ndikaonetse ku banki, yonena kuti ndine kasitomala wakale ndipo ndimabweza. Anandimvetsera mwachifundo. Anang'amba pepala pakati pa kope lija, anafuna cholembera, n'kulemba mosamala kwambiri, lilime lili panja: "Bambo awa ndimawadziwa. Amabweza akakumbutsidwa." Ndinapempha kuti mawu omalizawo awachotse. Anati akawachotsa ndiye kuti kalatayo ikhala yabodza, ndipo iwo ndi mkulu wa mpingo. Anasaina, anapinda bwinobwino, anandipatsa ndi manja awiri. Kenaka anatsegula tsamba langa n'kulemba: pepala limodzi, K100.